Mawu a Alamu Anga pa Sipika

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi pakamwa, ndipo inathanso ndi pakamwa pomwepo. Kwathu ku Chisepo amati ine Yobe ndikanena kuti kunja kukugwa mvula, munthu ayambe watulutsa kaye dzanja pawindo. Sindikana, nkhani ndimaithira mchere, nthawi zina ndi tsabola yemwe. Koma iyi ndikukuuzani leroyi sifuna mchere. Ndikangoikumbukira, makutu amatentha okha.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala pakhomo ngati mtondo wong'aluka. Chimene chinkandidyetsa n'kuyendetsa mwambo m'maukwati. Mukangondipatsa maiki, basi mwaputa mavu. Luso langa linali kutengera mayankhulidwe a anthu: abusa akamapempherera chakudya mpaka ndiwo kuzizira, wapolisi wa pamsewu akamazungulira minibasi kusaka pogwira, ngakhale nkhuku yoikira kumene. Koma amene anthu ankawakonda kuposa onse anali alamu anga a Phiri, amuna a achemwali anga a Esinati, okhala cha ku Msakambewa. Alamuwo ndi mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa bodza, ndipo chilichonse chimene anena ankachitseka ndi mawu omwewomwewo: "Ndikunama ine?" Ngakhale akungokuuza kuti lero n'Lachiwiri, kamchira kaja kabwera: "Ndikunama ine?" Ndikawatengera pagulu, azimayi ankagwa m'mabenchi. Eni akewo ankangopukusa mutu n'kumati, "Mlamu, iwe udzafera pakamwa."

Pa ukwati wina ku Mponela, mwambo utatha, bambo wina wa suti yabuluu ndi magalasi opyapyala anandikodola.

"Iwe, Chingerezi umachitha?"

Ndinati, "Bwana, mbuzi za kwathu ndimazikusa m'Chingerezi."

Sanaseke. Ndikanakhala wanzeru ndikanathawa pomwepo. Munthu wosaseka nthabwala ya mbuzi ngoopsa.

Anandiuza kuti iwo ndi Dokotala, osati wa jekeseni ayi, wa mabuku. Anakaphunzira ku China za ndale za dzikolo ndi mmene limapangira ubale ndi mayiko ena. Tsopano ankachita kafukufuku wofuna kudziwa ngati misewu, milatho ndi mphatso zimene China ikubweretsa kuno zikusintha mmene anthu wamba amaionera. Mwini kafukufukuyo kwenikweni anali Pulofesa wina wa kunja, mayi wachizungu amene analemba mabuku ambiri onena za China, ndipo Chitchaina amachiyankhula ngati anayamwira komweko. A Dokotala ankafuna mnyamata wodziwa mapiri a Dowa ndi Ntchisi, wotha kutsegula anthu pakamwa. Ine ndinati, "Bwana, ine ndikhoza kuyankhulitsa chitsa."

Sabata isanathe, ine ndi dalaivala tinali titawapatsa kale dzina: a Beijing. Nkhani iliyonse inkayambira komweko. "Ndili ku Beijing, basi imanyamuka nthawi yake." "Ndili ku Beijing, munthu sataya chitsononkho pamsewu." Galimoto itatitimira m'matope ku Bowe, ife tikukankha, matope mpaka m'mphuno, iwo ali phee m'kati, zenera lotsitsa pang'ono: "Ndili ku Beijing…" Dalaivala anang'ung'udza chapansipansi kuti, "Nanga munabwereranji?"

Koma ndisawadyere miseche yokhayokha, mutu unalimo. Pa ulendo ankatifotokozera mmene dziko lathu linasiyira ubwenzi ndi Taiwan n'kutembenukira ku Beijing, mmene chipani cholamula kumeneko chimayendetsera zinthu, ndi chifukwa chake amamanga misewu kumayiko a eni. Ankati, "Yobe, dziko silikhala ndi mlamu. Limakhala ndi zofuna zake basi." Mawu amenewo ndinawasunga. Sindinadziwe kuti ndi anthu ophunzira omwe ali chimodzimodzi.

Ntchito yake inali yotere. Anandipatsa tabuleti ya mafunso, karekoda kakuda kokhala ndi batani lofiira, pawabanki ndi mahedifoni. Ukafika pakhomo sufulumira kutulutsa zida. Umalonjera kaye, kufunsa za ana, za mbuzi, za mtedza kumunda. Kenako umanena mawu opempha chilolezo, amene anandiloweza pamtima ngati katekisimu: "Zimene muyankhule pano sizidzatuluka ndi dzina lanu. Adzamvetsera ndi ochita kafukufuku okha. Mukafuna kusiya, musiya." Munthu akavomera, umamupatsa nambala m'malo mwa dzina, n'kudina batani lofiira lija. Madzulo umavala mahedifoni, kulemba liwu lililonse monga momwe linatulukira, kufufuta mayina onse a anthu ndi a midzi, kenako kumasulira m'Chingerezi. Mawu ojambulidwawo umawasamutsira mu laputopu ya a Dokotala, iwo n'kuwatsekera ndi pasiwedi, iwe n'kufufuta mu rekoda. Zonsezo ndinkazichita bwinobwino. Munthu wamasewera ndine, koma pa ntchito ndinalibe chibwana.

Vuto linali mayankho. Funso lalikulu linkati, "Kodi ubale wa Malawi ndi China mukuuona bwanji?" Mayi wina ku Bowe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, "Mwana wanga, ine ubale ndi apongozi anga ukundikanika, ndiye ndiyambenso wa China?" Anyamata a pa tiredingi China ankaidziwira m'mafilimu a karate a ku vidiyo sho, wina anandifunsa ngati n'zoona kuti kumeneko ndi mapulezidenti omwe amauluka padenga. Mdala wina kumapiri a Ntchisi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tochi yakufa, kuiika patsogolo pa rekoda, nati, "Ifunseni iyi." Ine ndinkaona ngati mayankho abwino zedi. A Beijing ankawerenga nkhope ili tsinya.

"Izi n'zopepera, Yobe. Pulofesa sangalembe buku pa tochi. Ndikufuna munthu wa m'kati, amene amagwira nawo ntchito Matchainawo tsiku ndi tsiku."

Kuseri kwa phiri lina, panjira yochoka ku Msakambewa kulowera ku Ntchisi, kampani ina ya ku China inkaphwanya miyala ya kwale yomangira msewu. Tinayesa kufunsa ogwira ntchito kumeneko, onse anakana. Kapitawo wawo, a Mbewe, Mmalawi mnzathu, amene ankalemba ndi kuchotsa anthu, anali atanena kale kuti woyankhula ndi alendo asiye chipewa pageti, asabwerenso. Ndiye ine, pakamwa panga pomwepa, ndinati, "Alamu anga amagwira pa chigayo cha miyala pomwepo." Maso a a Dokotala anawala ngati aona viza.

Mudziwe kuti ntchito imeneyo ndi imene inagwira nyumba ya achemwali. Fodya anali atawagwiritsa fuwa lamoto zaka zotsatizana, ndipo mwana wawo woyamba, Tadala, anali atangosankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Alamu akachoka pa chigayo paja, Tadala abwerera kudzalima mtedza. Nkhani yake inali yomweyo basi.

Ndinapita Lamulungu masana, ataweruka kutchalitchi. Poyamba anakana.

"Alamu, dzina lanu silituluka. Mukhala nambala chabe."

"Nambala imatsokomola, mlamu?"

Ndinawanenera katekisimu uja yense, dzanja pachifuwa. Anayamba kuthothola udzu. Kenako anati, "Iwe ndiwe wabodza, aliyense akudziwa. Koma mawu awa si ako, ndi a anthu ophunzira. Wina ayenera kunena. Dina batanilo."

Tinakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la mbuzi. Abale, munthu uja anayankhula. Anati fumbi la pa chigayo limalowa mpaka m'mano, ukalavula malovu amatuluka ngati phala la simenti. Paipi yothira madzi pamiyala inafa kalekale. Anati Mtchaina wokonza makina amakhala nawo m'fumbi momwemo, amatsokomola chimodzimodzi, ndipo tsiku lina anawagawira mankhwala ake. Kenako anafika pa fupa lenileni: "Masiki amabwera. Ndimawaona ndi maso angawa akutsitsidwa m'makatoni. Amatipatsa tsiku lobwera alendo a boma, madzulo n'kulandanso. Otsalawo mukawapeza mu shopu ya akazi a kapitawo pa tiredingi. Ndikunama ine?"

Ali m'kati mofotokoza, achemwali anafuula kuchokera kubafa kuti, "Bambo a Tadala! Madzi akuzizira kuno!" Iwo anati, "Ndikubwera, mayi!" n'kupitiriza. Polemba ndinafufuta dzina la mwanalo monga anandiphunzitsira. Mawu ndinapereka, analowa mu laputopu, pasiwedi kwaa. A Dokotala atawerenga anandimenya paphewa koyamba chiyambire: "Uyu ndiye golide."

Patapita miyezi, kunabwera tsiku limene amati lobweza zotsatira kwa anthu. Pulofesa anakwera ndege kudzaonerera. A Dokotala anameta, anagula tayi yatsopano, chifukwa mayiyo ndi amene ankati awapezere malo ku yunivesite ya kwawo. Malo a msonkhano anasankha holo ya mpingo, mpingo womwewo wa alamu. Tinatchinga mawindo ndi zitenje kuti pulojekita ioneke, jenereta tinaiika kuseri, ndipo masipika tinabwereka kwa mnzanga woimba m'maukwati, aja akuluakulu ogwedeza chiwindi. Ine ndinali woyendetsa mwambo ndi womasulira.

Anthu akulowa, ndinaona galimoto ya kampani ikuima panja. Anatsika bwana wa kwale, Mtchaina wachinyamata wooneka wotopa, amene Chingerezi chake chinali chochepa ngati Chitchaina changa. Pambuyo pake womasulira wake, yemwe ndi mphwake wa kapitawo. Pambuyo pa onse, a Mbewe eni ake, mimba patsogolo, makiyi ali lendelende m'chiuno.

"Bwana, awanso mwawaitana?"

"Kafukufuku wabwino amamva mbali zonse," anatero a Dokotala akukonza tayi.

Ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati zotsatira ndi manambala, palibe amene angazindikire mlamu wake mu nambala.

Ndipo poyamba zinalidi choncho. Pakhoma panabwera mizere yofiira, yobiriwira, mabwalo odulidwa ngati chigumu. A Dokotala ankafotokoza za mphamvu yofewa ya China, ine ndikumasulira thukuta lili kamukamu, chifukwa kwathu chofewa ndi mbatata yophika. M'holomo munali kutentha ngati m'chigafa chotsekedwa. Amvano anayamba kuwodzera mzere wonse. Abusa ankalimbana ndi tulo ngati akulimbana ndi Satana. Kenako Pulofesa anayasamula. Anabisa ndi dzanja, koma a Dokotala anaona. Ndinawaona nkhope ikusintha.

"Tsopano," anatero, "timve mawu enieni a anthu. Musadandaule, tawasintha, palibe angadziwe mwini wake."

Zimenezi sanandiuzepo. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, anali atadina.

M'masipika munatuluka kamawu kang'onong'ono, kotswiii, ngati mbewa yameza wezulo. Anali atawapotoza ndi kapulogalamu ka pa laputopu. Holo yonse inadzuka n'kuseka. Kambewako kanayamba kunena za fumbi, za malovu a simenti, za paipi yakufa. Ogwira ntchito ku kwale, amene anakhala kumbuyo, anasiya kuseka. Kanafika pa makatoni a masiki ndi shopu ya akazi a kapitawo. Kenako, momveka bwino ngati belu la Lamulungu:

"Ndikunama ine?"

Abale inu. Mitu yonse inatembenuka nthawi imodzi, ngati mpendadzuwa. Ndi ana omwe, ndi agogo osamva bwino omwe. Onse kuyang'ana benchi ya akulu a mpingo, pamene alamu anakhala chipewa chili pabondo.

Ndinathamangira waya kuti ndizule, koma ndinachedwa. Pa kasipika ka laputopu, pamene a Dokotala ankamvetsera ku Lilongwe, za kumbuyo sizinkamveka. Koma masipika a ukwati sabisa kanthu. Kambewa kena kakakazi kanafuula holo yonse: "Bambo a Tadala! Madzi akuzizira kuno!"

Ndinazula. Jenereta yokha ndi imene inkayankhula kuseri. Achemwali anali ataphimba nkhope ndi chitenje. Bwana wa kwale anafunsa kanthu kwa womasulira wake, mnyamatayo n'kumuyankha mwachidule akumwetulira. Kaya anamuuza kuti ndi nyimbo ya makolo, kaya. A Mbewe anaimirira pang'onopang'ono, makiyi akulira.

"A Dokotala," anatero, "tabwerezani pamenepo. Sindinamve bwino."

Ndipo munthu wophunzira uja, wa ku Beijing uja, anayamba kufunafuna waya kuti abwezeretse! Mxii! Mpaka lero ndikaganiza zimenezo ndimafuna kuluma tebulo.

Maiki inali m'dzanja langa. Sindinaganize, pakamwa panaganiza pokha. Ndinaseka. Ndinaseka chikhakhali chija cha m'maukwati, mpaka kugwira bondo.

"Eee, abale, mwagwa nazo! A Mbewe, ndi inu omwe? Munthu wamkulu ngati inu kupusitsidwa ndi Yobe? Amene uja ndine! Alamu anga anandithamangitsa ndi mpini wa khasu, akuti za kwale sayankhula. Ndiye ine ndibwerere kwa abwana chimanjamanja? Ndinakakhala kuseri kwa chimbudzi cha pasukulu, n'kudzifunsa ndekha, kudziyankha ndekha!"

Anthu anang'ung'udza, theka kukhulupirira, theka ayi. Ndiye ndinawapatsa umboni. Ndinakhwinyata mapewa ngati alamu, kukweza chala chimodzi, kutsokomola kawiri, n'kutulutsa mawu awo enieni: "Fumbi limeneli, abale anga, limalowa mpaka m'mano. Ndikunama ine?" Kenako ndinatembenuka, dzanja m'chiuno, khosi lopendeka: "Bambo a Tadala! Madzi akuzizira kuno!" Ndinawonjezanso mbuzi ya m'khola, ndi tambala amene munalibe n'komwe mu rekodamo.

Holo inaphulika. Amvano anagwerana. Abusa anavula magalasi kupukuta misozi. Wina kumbuyo anafuula, "Mwana ameneyu ndi mfiti!" Ndi bwana wa kwale yemwe anaseka, osadziwa chimene akuseka. Pa moyo wanga wonse sindinasewerepo bwino ngati tsiku limenelo, ndipo sindinadanepo ndi kuseka kwa anthu ngati tsiku limenelo.

A Mbewe okha sanaseke. Anadikira phokoso lithe.

"Chabwino. A Phiri, taimani. Muli pa malo a mpingo pano, abusa anu ndi awo. Inu bodza simulidziwa, tonse timachitira umboni. Tangotiuzani: amene uja ndinu, kapena si inu?"

Alamu anaimirira. Anayang'ana abusa. Anayang'ana mkazi wawo, amene anali atatulutsa diso limodzi m'chitenje. Ine sanandiyang'ane.

"Si ine," anatero.

Holo yonse inadikira kamchira kaja. Ndikunenetsa, anthu anachita kutsegula pakamwa kuti alandire. Sikanabwere. Anangokhala pansi.

Kapitawo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza makiyi, nati, "Mawa m'mawa, pa chigayo. Musachedwe."

Msonkhano unathera pomwepo. A Dokotala anandikokera kuseri, pafupi ndi jenereta, tayi itapotoka.

"Wandiphera ntchito ya chaka chathunthu! Pulofesa akuti zonse zimene unajambula iwe zitayidwe. Ukudziwa chimene wachita?"

"Inuyo mukudziwa chimene mwachita? Ndinamulonjeza munthu uja ine, ndi pakamwa panga, koma mawu anali anu. Adzamvetsera ndi ochita kafukufuku okha. A Mbewe akuchita kafukufuku wanji?"

"Dzina ndinachotsa! Mawu ndinasintha! Njira imeneyi imagwiritsidwa ntchito kulikonse. Ndili ku Beijing…"

"Ku Beijing kulibe amene amamudziwa Tadala!"

Ndinakuwa mpaka jenereta inachita manyazi. Ndinawauza kuti kuno munthu timamudziwa ndi chifuwa chake, ndi kayendedwe ka njinga yake, ndi kulira kwa chitseko chake, ndipo iwo amadziwa zimenezo chifukwa sanabadwire mu ndege. Ndinawauza zina zambiri zimene sindingalembe pano, poti mwina abusa awerenga.

Koma chimene chimandiwotcha kwambiri n'ichi. A Dokotala ankadziwa kuti mawu aja ndi enieni. Ankadziwa bwinobwino. Akanatha kumutengera pambali Pulofesa n'kumuuza kuti, mnyamatayu sanapeke, wangotchinga munthu amene ine ndamuvula pagulu. Koma kutero kukanakhala kuvomera kuti aphwanya lonjezo la kafukufuku, ndipo malo aja a ku yunivesite akanauluka. Ndiye anasankha chimene chinali chotchipa: ine. Mayi uja anabwera, nkhope ili gwaa, n'kundiuza m'Chingerezi chapang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi mwana, kuti kupeka mayankho ndi tchimo lalikulu kuposa onse pa ntchito imeneyi. A Beijing anali pambali akugwedeza mutu ngati dikoni. Ine ndikanatha kunena. Koma mphindi zochepa m'mbuyomo ndinali nditamuona mayiyo akucheza ndi bwana wa kwale m'Chitchaina, akupatsana manambala a foni. Chimene angadziwe iye, mawa chifika ku kwale. Ndinameza mawuwo. Ndinapereka tabuleti, rekoda, pawabanki, mahedifoni. Ndinati, "Pepani, madamu, ndi chibadwa." Galimoto inandisiya pomwepo, ndinabwerera pa kabaza.

Mbiri inayenda. Magulu ochita kafukufuku amadziwana onse, ndipo kulikonse kumene ndinkapempha ntchito ankati, "Si iwe unadzifunsa wekha kuseri kwa chimbudzi?" Zimenezo ndinapirira. Munthu amene dziko lonse limamutcha kale wabodza, bodza limodzi lowonjezera silimulemera.

Chimene sindinakonzekere ndi alamu.

Achemwali anandigwira dzanja tsiku lomwelo, kulifinya. Koma amuna awo anakhala milungu osandiyankhula. Nditapita kukawaona ndinawapeza pakhonde akusoka gambutsi. Ndinayamba nthabwala, iwo anakweza dzanja.

"Ntchito wandisungira, mlamu. Tadala ali kusukulu. Zikomo." Anatsokomola. "Koma ine ndinanena zoona kamodzi kokha pa za malo aja, iwe wazisandutsa sewero. Pano mnzanga akatsokomola pa chigayo, ena amati, ‘Ndikunama ine?’ n'kumaseka. Masiki akadali mu shopu. Mwina bwana uja akanamva, akanafunsa. Mwina akanandichotsa ine. Sitidzadziwa."

Ndinati, "Alamu, nanga ndikanatani?"

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake sindikukukalipira."

Kunena zoona, bola akanandimenya ndi gambutsi ija.

Anapita okha kwa abusa kukapempha kuti apume kaye pa zolengeza ndi kutsogolera mapemphero. Abusa anafunsa chifukwa, iwo anati chifuwa. Limenelo linali bodza lachiwiri, ndipo onse awiri ankadziwa.

Ndinamva kuti kafukufuku uja anatuluka ndithu, wokongola, wa mizere yofiira ndi yobiriwira, wonena mmene anthu a kumapiri kuno amaionera China. Mulibe fumbi m'menemo. A Dokotala anapita kunja. Ndikhulupirira kuti kumeneko nkhani zawo zimayamba ndi "Ndili ku Dowa."

Ine ndinabwerera ku maukwati. Achinyamata ena amabwera kudzandifunsa za ntchito ya kafukufuku, poti amaona matabuleti ndi magalimoto oyera. Ndimawauza kuti ntchito ndi yabwino, pitani. Koma mawu opempha chilolezo aja, amene amalemba ndi bwana, amene amanena ndiwe, ndipo amene adzakumane ndi munthuyo pachigayo ndi pamaliro ndiwenso. Usanadine batani lofiira, funsa kuti mawuwa adzamveka pa sipika yanji, m'chipinda muli ndani. Akakuyankha kuti "tachotsa dzina," bweza rekoda yawo. M'karekodamo simukhala nambala, mumakhala khosi la munthu.

Pa ukwati uliwonse pamapezeka wina wofuula kuti, "Yobe, tapanga alamu aja!" Ndimawapatsa wapolisi, ndimawapatsa nkhuku, abusa ndimawapatsa kawiri. Alamu ayi.

Ndipo ngakhale nditafuna, ndingatengere chiyani? Kuyambira tsiku lija kamchira kaja sikanamvekenso. Amayankhula, n'kuima pamene kankakhala, ngati munthu wofufuza dzino lozuka ndi lilime. Mwezi watha tinakhala limodzi pakhonde, tikuyang'ana kuphiri kumene fumbi la kwale limakwera ngati utsi. Iwo anati, "Mvula chaka chino ichedwa." Anaima. Anatsokomola nthawi yaitali, n'kulavulira kumbali.

Ine ndinati, "Simukunama, alamu."

Anatola chipewa chawo, n'kukatsekera mbuzi.